Dimba Si Chibalo: Mlimi wa Nyengo Yachisanu Tamusiya Yekha

 Lero ndabwera ndi kamkwiyo, ndiye mundipirire. Amene mawu anga amulase asathawe msanga, awerenge mpaka kumapeto, chifukwa pa anthu onse amene ndiwadzudzule lero, woyamba ndine ndemwe.

Loweruka lina mwezi wa Sepitembala ndinkachokera ku Lilongwe pa minibasi. Titaima pa Lizulu kuti anthu agule ndiwo, ndinamva wina akuitana pawindo: "Aphunzitsi! Aphunzitsi!" Kucheuka, ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4 zaka zingapo zapitazo. Pano ndi bambo wa ana awiri. Dzina sinditchula poti sanandipatse chilolezo. Anali ataima pakati pa madengu a tomato wofiira psuu, koma nkhope yake sinali ya munthu amene wakolola. Ndinatsika, minibasi ndinaisiya ipite.

Nkhani yake inali yotere. Anafesa tomato mu Epulo, n'kuwokera mu Meyi. Mabedi ambiri anawaika kumunsi kwenikweni kwa dambo, pafupi ndi chitsime, kuti asamayende mtunda ndi makheni. Usiku wina wa Juni kumwamba kunali mbee, nyenyezi zokhazokha, mphepo ili zii. Kutacha anapeza mabedi onse akumunsi atada bii, ali lende ngati munthu wawathira madzi owira. Theka la dimba linapita usiku umodzi. Zotsalazo zinagwidwa ndi chiwawu mu Julayi, nthawi ya nkhungu ndi mvula yamawawa, ndipo anakongola ndalama kuti agule mankhwala. Tomato amene anapulumuka anapsa tsiku limodzi ndi wa mudzi wonse. Mavenda anabwera ndi lole, natchula mtengo umene iwo anafuna. Atawerengera mbewu, feteleza, mankhwala ndi aganyu, anapeza kuti miyezi isanu wagwirira ntchito mwini ngongole.

Kenaka anandifunsa funso limene landisowetsa tulo mpaka lero. Anati, "Aphunzitsi, paja ine Agriculture ndinakhoza bwino pa MSCE, inu ndinu mboni. Nanga bwanji zonsezi simunatiuze?" Sanafunse mwamwano ayi. Anafunsa mwaulemu, manja ali kumbuyo ngati akadali pa asembule. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Ndinagula tomato wambiri woti kunyumba sitikanamutha, ngati kuti kugulako kufafaniza mlandu.

Ndiye mfundo yanga lero ndi imodzi yokha. Kwa munthu amene amalima ndiwo zamasamba ndi zipatso kuti agulitse, chaka chimapindula kapena kufa pakati pa Meyi ndi Okutobala. Koma miyezi imeneyi dziko lathu limakhala litagona. Boma limakhala likudikira mvula, sukulu zili kalikiliki ndi mayeso, ndipo mlimi uja amatsala ndi mphunzitsi mmodzi yekha: wogulitsa mankhwala. Ichi ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo ife aphunzitsi tili ndi gawo lalikulu pa manyaziwa.

Kalendala imene ili m'mitu yathu ndi ya chimanga. Kusosa, kubzala ndi mvula yoyamba, kupalira, kubandira, kukolola mu Epulo ndi Meyi, basi chaka chatha. Zikatero timati yafika nthawi yopuma, nthawi ya maukwati, zinamwali ndi bawo pansi pa mtengo. Koma tapitani ku Bembeke, ku Tsangano, ku Jenda kapena ku Bvumbwe mwezi wa Julayi cha m'ma 5 koloko m'mawa. Mukapeza anthu ali m'madzi ozizira, zala zitauma gwa, akuthirira kabichi, anyezi, repu, mpiru, tomato ndi kachewere. Ndiwo zimene mumadya m'tauni miyezi imeneyi zimachokera m'manja amenewa. Fizi ya ana ambiri amene timawaphunzitsa imachokeranso m'madimba omwewa. Komabe timayankhula za iwo ngati anthu ongotayitsa nthawi podikira ulimi weniweni.

Tiyeni tiyende nayo nyengoyi mwezi ndi mwezi, muone nokha kuchuluka kwa zinthu zimene mlimi ayenera kudziwa, ndipo mudzifunse kuti ndi zingati zimene tinamuphunzitsa.

Juni ndi Julayi, mdani woyamba m'madera okwera ngati Dedza ndi Ntcheu ndi chisanu chowaula mbewu. Si ufiti, ndipo sichibwera mwachisawawa. Usiku wopanda mitambo komanso wopanda mphepo, nthaka imataya kutentha kwake msanga. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha pamalo otsikitsitsa. Pamene pali chitsime m'dambo, nthawi zambiri ndi pomwepo pamene chisanu chimagona. Mbewu zosapirira ngati tomato, kachewere ndi nyemba malo ake ndi chakumtunda kwa dimba, ndipo kumunsi n'kwa kabichi, mpiru, repu ndi anyezi zimene zimalimba ku chisanu. Nazale imafuna kafolera ka udzu pa timitengo usiku, n'kuchotsa dzuwa likatuluka. Nthaka yachinyontho imasunga kutentha kuposa youma. Abale anga, zoti mpweya wozizira umatsika pansi timaphunzitsa mu sayansi chaka ndi chaka, ana n'kumajambula timivi m'makope. Koma ndani mwa ife anatuluka nawo m'kalasi n'kuwalozera dambo kuti, "Timivi tija ndi apo"? Mnyamata wanga uja anataya theka la dimba chifukwa cha phunziro limene analikhoza pa pepala.

Ikabwera nkhungu ndi mawawa, kapena chiperoni kwa anzathu a ku Thyolo ndi Mulanje, chiwawu chimalusa pa tomato ndi kachewere. Matendawa amakonda kozizira ndi tsamba lonyowa nthawi yaitali. Mlimi wothirira madzulo pamwamba pa masamba amakhala akuwayalira mphasa. Kuthirira m'mawa patsinde, kupereka mpata wokwanira pakati pa mbewu, kuimika tomato ndi timitengo, kuchotsa masamba am'munsi, zonsezi sizifuna ndalama. Ndipo mankhwala ngati Dithane ntchito yake ndi kuteteza tsamba lisanadwale, sachiza tsamba lodwala kale. Alimi angati amadziwa zimenezi? Ambiri amathamangira kukagula dimba litada kale, n'kumapopera ndalama zawo pa mitembo. Nthawi yomweyo kabichi, repu ndi mpiru zimakhala zikulimbana ndi nsabwe zotuwa zija zobisala kunsi kwa tsamba, ndi timbozi tobowola masamba. Woyendera dimba lake m'mawa uliwonse n'kumatembenuza masamba amaziona zisanachuluke. Wongodalira sipuleya amaziona zitatha kale ntchito.

Ogasiti ndi Sepitembala vuto limasamukira kumsika, ndipo apa ndi nkhani ya masamu a pulayimale. Tomato amakhala pa nazale masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, kukazizira amachedwerako. Akawokeredwa pamapita miyezi iwiri ndi theka kapena itatu kuti ayambe kupsa. Kuphatikiza, ndi miyezi pafupifupi inayi. Tsono aliyense amafesa mu Epulo ndi Meyi, chifukwa ndi pamene manja amasuka ku chimanga ndipo m'thumba mwalowa kangachepe. Werengani miyezi inayi kuchokera pamenepo. Dera lonse limakolola sabata zofanana. Tomato wakupsa sadikira, ndipo venda amadziwa zimenezo. Amabwera ndi dengu lake lalikulu, n'kutchula mtengo, n'kuyamba kuliza injini ngati akunyamuka. Timakonda kutukwana mavenda, ndipo ena ndi adyera zedi. Koma venda si mfiti. Iye wangochita masamu amene ife sitinamuphunzitse mlimi. Tomato yemweyo mu Januwale ndi Febuluwale amasowa, mayi m'tauni amagula atatu okha n'kumadandaula. Anyezi nayenso amatayidwa motchipa mu Sepitembala ndi Okutobala, pamene ataumitsidwa bwino n'kusungidwa pamalo opita mphepo angathe kudikira mtengo wa m'dzinja. Kufesa pang'onopang'ono, bedi limodzi sabata ziwiri kapena zitatu zilizonse, kumatalikitsa nthawi yokolola. Nzeru zimenezi zilibe mtengo, koma zilibenso wozilalikira.

Kukayamba kutentha kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala, adani amasintha. Akangaude ofiira, tizilombo tating'onoting'ono tija touma nato masamba a tomato, timaswana mwachangu kukauma ndi kutentha. Si mankhwala onse ophera tizilombo amene amawapha, ndipo kupopera mankhwala amodzimodzi sabata ndi sabata kumapha tizilombo tothandiza timene timawadya, iwo n'kuchulukirachulukira. Pamwamba pa izi pali mlendo amene anabwera osagogoda, kagulugufe kotchedwa Tuta absoluta. Kwawo ndi ku South America, kanafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo pofika 2016 kanali katalowa ku Zambia ndi ku South Africa. Ife sikanatilumphe. Kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira oposa 200, ndipo kukatentha m'badwo watsopano umatuluka pa mwezi umodzi wokha. Kambozi kake kamalowa m'kati mwa tsamba ndi chipatso, kumene mankhwala ambiri safika, ndipo sikachedwa kuzolowera mankhwala. Kamakhalanso pa kachewere ndi mabiringanya. Tsono mlimi akakolola n'kusiya mitengo yakale ya tomato ili chiimire, kenaka n'kuika nazale yatsopano pambali pake, ndiye kuti akuweta mdani yekha. Kuzula zotsalira n'kuzikwirira kapena kuzitentha, kusinthasintha mbewu, ndi kugwirizana ndi oyandikana nawo madimba kuti onse achite chimodzimodzi, ndiko kuyamba kwa nkhondoyi. Nthawi yomweyinso madzi amayamba kuthawa. Chitsime chimene mu Juni chinkasefukira, mu Okutobala ndi matope. Amene anadzala dimba lalikulu osaganizira madzi a mwezi womaliza amaonerera mbewu zikufota zitatsala sabata zitatu kuti zipse. Kuphimbira nthaka ndi udzu kukanamupulumutsira makheni ambiri, koma udzuwo unapita kale ndi moto wa osaka mbewa.

Za zipatso ndiye musanene. Timaona mitengo ya zipatso ngati mphatso ya Chauta yosafuna dzanja la munthu. Mango amene tidzadye mu Disembala amakonzeka mu Julayi ndi Ogasiti pamene mitengo ikuchita maluwa. Nthawi imeneyi kuli matenda otuwitsa maluwa ngati munthu wawaza ufa, maluwa n'kuyoyoka osabereka. Moto wa m'tchire ukadutsa pansi pa mtengo wamaluwa, zokolola za chaka chimenecho zapita. Kulambula kuzungulira mitengo moto usanayambe ndi ntchito ya tsiku limodzi. Mapichesi a ku Dedza ndi Ntcheu amayoyola masamba m'nyengo yachisanu, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yodulira nthambi kuti mtengo ulowe dzuwa n'kubereka zipatso zazikulu. Ambiri sadulira, ndiye timagula timapichesi tonga nthudza todzaza mphutsi. Ku Mwanza manachesi amapsa nyengo yomweyi yozizira, onse pakamodzi, ndipo ogwa pansi amasiyidwa pomwepo kuti aole. M'zipatso zoolazo ndi mmene ntchentche za zipatso zimaswaniranamo, kudikira mango. Kutola zogwa n'kuzikwirira mozama si sayansi ya ku yunivesite. Ndi chizolowezi chabe chimene wina anayenera kuphunzitsa mwana ali wamng'ono.

Tsono funso n'lakuti, zonsezi mlimi akazimva kwa yani? Mlangizi wa boma alipo, ndipo ena amagwira ntchito ndi mtima wonse, koma munthu mmodzi midzi yambirimbiri, njinga yake yothyoka, sangafike dimba lililonse. Ofufuza ku Bvumbwe akhala akugwira ntchito pa mbewu zamasamba ndi zipatso kwa zaka zambiri, ndipo ku Bunda kuli akatswiri a zimenezi. Koma nzeru zawo zimathera m'malipoti a Chingerezi, pamene dimba lili ku Tsangano. Amene amapezeka tsiku lililonse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi mwini kashopu ka mankhwala pa tirediŋi senta. Mlimi amapita ndi tsamba lodwala m'thumba ngati wopita kwa sing'anga. Wogulitsayo mwina sanaphunzirepo za mbewu, ndipo phindu lake lili pa kugulitsa. Kodi munthu wotere angakuuze kuti, "Bwererani, vuto lanu silifuna mankhwala, mukungothirira molakwika"? Mnyamata wanga uja anagulitsidwa mabotolo atatu, nauzidwa kuti asakanize onse mu sipuleya imodzi kuti akhale amphamvu. Ena amagula mankhwala opungulidwa m'timabotolo topanda chizindikiro chilichonse pa tsiku la msika, chonsecho dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000 komanso bungwe loyang'anira mankhwalawa.

Pa botolo lenileni pamalembedwa muyezo, komanso masiku oyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lokolola. Pamakhalanso mzere wa mtundu kumunsi, wofiira kusonyeza oopsa kwambiri, kutsika mpaka wobiriwira. Zambiri mwa izi zimalembedwa m'Chingerezi, timalemba ting'onoting'ono. Ndani m'mudzi amene ayenera kutha kuwerenga zimenezi kuposa mwana amene wakhala zaka zinayi ku sekondale? Koma ndikufunseni aphunzitsi anzanga, ndani mwa inu anabweretsapo botolo lopanda kanthu m'kalasi kuti ana awerenge chizindikiro chake? Ine kwa zaka zambiri sindinachitepo. Zotsatira zake tonse timaziona: tomato wotuwa ndi ufa wa mankhwala pamsika, munthu akupopera atavala kabudula, opanda nsapato, mphepo ikumubwezera utsiwo kumaso, mwana ali pambali. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma pano wodya phulayo si mlimi yekha. Ndi inu ndi ine, ndi ana a ku boding'i amene amadya kabichi yemweyo.

Boma nalo lisaganize kuti ndaliiwala. Kuyambira 2005 pamene FISP inayamba m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, kudzafika pa AIP imene inalowa m'malo mwake mu 2020, mtima wa thandizo la boma kwa mlimi wakhala feteleza ndi mbewu ya chimanga. Sindikunyoza nsima, inenso ndimagonera yomweyo. Koma taonani nthawi imene akuluakulu amakumbukira madimba. Amawakumbukira njala ikagogoda. Mu Malichi 2024, chilala cha El Niño chitaononga minda, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi, ndipo pomwepo wina aliyense wa tayi anayamba kulalikira ulimi wamthirira. Wa chiyani? Wa chimanga. Dimba kwa iwo ndi tayala la sipeya, lokumbukiridwa lina likaphulika. Amene amalima dimba chaka ndi chaka ngati bizinesi sawerengedwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mbewu za haibulidi, mankhwala ndi zipangizo za pampu, zimene zambiri zimachokera kunja, zinakwera nthawi yomweyo. Koma dengu la tomato mu Sepitembala silimva za kugwa kwa kwacha, limangomva kuchuluka kwa madengu anzake.

Mu Malichi 2025 boma linaletsa kuitanitsa kunja katundu wina, kuphatikizapo zipatso, ndiwo zamasamba ndi kachewere, pofuna kuteteza alimi ndi ndalama zakunja. Tanzania inabwezera mu Epulo, malole anaima pa malire, mpaka akuluakulu anachita kukambirana. Ambiri anaomba m'manja ndi chiletsocho, ndipo cholinga chake ndikuchimvetsa. Koma kutseka chipata sikuphunzitsa munthu kulima. Sitolo yaikulu kapena hotela imafuna tomato wofanana, sabata iliyonse, chaka chonse. Mlimi amene amakolola phiri mu Sepitembala n'kusowa ndi mmodzi yemwe mu Febuluwale sangagwire msika umenewo, chipata chitsekedwe kapena chitsegulidwe. Tinaona kale ndi nthochi. Matenda a chisaka, amene amafala ndi nsabwe za nthochi komanso ndi ana a nthochi odwala amene anthu amapatsana mwachikondi, anapululutsa minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, mpaka dziko la nthochi linafika pogula nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Chimene chinachedwa kufika kwa alimi sichinali chiletso cha pa malire. Unali uthenga wosavuta woti phata lodwala lizulidwe lonse ndipo mbewu isatengedwe m'munda wodwala.

Tsopano ndibwere kwathu, ku sitafu rumu. Tchimo lathu loyamba ndi ili: tinasandutsa khasu chibalo. Mwana akachedwa, kalime. Akasokosa m'kalasi, kakumbe dzenje. Akapanda kulemba homuweki, katenge kheni ukathirire maluwa a ahedi. Zaka zinayi tikumuuza mwana ndi zochita zathu kuti kugwira dothi ndi malipiro a wolakwa, kenaka timadabwa akamaona dimba ngati malo a anthu olephera. Ndipo tikafuna kumuopseza timati, "Ukapanda kulimbikira udzakhala mlimi ngati bambo ako." Bambo akewo ndi amene alipira fizi ndi ndalama ya kabichi, ndipo pa fiziyo ndi pamene sukulu ikuyendera. Mwano woposa apa ulipo?

Tchimo lachiwiri, timaphunzitsa ulimi ndi choko. Mwana amatha kutchula mitundu ya nthaka, kujambula mizu, kulemba ubwino usanu wa kasinthasintha wa mbewu, koma sanafesepo bedi limodzi n'kulisamala mpaka kugulitsa. Chimene timachitcha pulakitiko ndi kuika dothi m'botolo n'kuthiramo madzi sabata yoti mayeso ayandikira. Taonaninso kalendala. Teremu yachitatu imagwa pakati pa Epulo ndi Julayi, ndendende nthawi imene madimba a dziko lino ali pa ntchito. Ndi nthawi yomweyo imene ife timatseka mawindo n'kuyamba kubwereza mapepala akale a MANEB. Kunja kwa mpanda phunziro lenileni likuchitika, chisanu chikuwaula, nsabwe zikuswana, mitengo ikutsika pamsika, ife tili m'kati kuloweza matanthauzo.

Ndikudziwa zimene muyankhe, chifukwa inenso ndinkayankha zomwezo. Muti sukulu yathu ilibe madzi. Koma sukulu zambiri zili ndi mjigo, ndipo madzi otayika pa mjigopo amangopanga chithaphwi cha udzudzu. Mabedi khumi sakufuna mtsinje. Muti mbuzi ndi akuba atha zonse. Mlimi weniweni amalimbana nazonso zimenezo, ndipo kumanga mpanda wa udzu ndi gawo la phunziro. Muti silabasi ndi yaitali, nthawi palibe. Zoona, ndi yaitali. Koma mwana amene waona chiwawu ndi maso ake safuna kuloweza zizindikiro zake, ndipo amene wawerengera yekha phindu la bedi la mpiru savutika ndi funso la malekodi a pa munda. Muti makolo sanatumize ana kusukulu kuti adzalime. Apa tiyeni tinene chilungamo. Pa ana amene amalemba Fomu 4, ndi ochepa okha amene amapeza malo ku yunivesite kapena ntchito ya pa mwezi. Ambiri amabwerera kumudzi, ndipo chuma chimene chikuwadikira kumeneko ndi kadimba ka agogo. Tingawakonzekeretse, kapena tingapitirize kunamizira kuti onse adzakhala ma dokotala.

Pali yankho limodzi limene ndimalilemekeza. Ena amati alimi a madimba amadziwa zambiri kuposa ife aphunzitsi, ndiye tikawaphunzitsa chiyani? Zoonadi. Pali amayi ku Bembeke amene sanapite patali ndi sukulu koma akangoyang'ana kumwamba madzulo amadziwa kuti usiku uno chisanu chigwa. Dipuloma yanga singapikisane nawo pa zimenezo. Koma ngati zili choncho, bwanji sitinawaitanepo m'kalasi? Iwo ali ndi maso ndi zaka. Ife tili ndi chifukwa chake cha zinthu, masamu, ndi Chingerezi cha pa botolo. Kachilombo kochokera ku South America agogo sanakaonepo, ndipo nzeru zamakolo zokha sizingakathe. Mbali ziwirizi zimafunana, ndipo malo oti zikumane ndi pasukulu.

Ndiye pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi ili, ndipo silifuna chilolezo cha ku Capital Hill. Choyamba, tileke kupereka khasu ngati chilango. Chachiwiri, teremu yachitatu ikayamba, kalasi iliyonse ya Fomu 1 ndi Fomu 3, amene alibe mayeso a boma, ikhale ndi mabedi ake. Afese mosiyanitsa masabata, ena kumtunda ena kumunsi, aone okha kusiyana kwake. Chachitatu, gulu lililonse likhale ndi kope lolembamo chilichonse cholowa ndi chotuluka, ngakhale maola a ntchito, ndipo ndalama ya zogulitsa iwerengedwe poyera, isalowe m'thumba la mphunzitsi. Chachinayi, ana awiri azipita pamsika wapafupi sabata iliyonse kukalemba mtengo wa tomato, anyezi ndi kabichi, n'kumata pakhoma la kalasi. Pakatha chaka khoma limenelo lidzaphunzitsa zimene buku silingathe. Chachisanu, phunziro limodzi pa teremu likhale la kuwerenga chizindikiro cha botolo la mankhwala lotsukidwa bwino, mothandizana ndi mphunzitsi wa Chingerezi ndi wa masamu. Ndipo tchuthi cha Ogasiti chisaphe dimba. Ana okhala pafupi agawane masiku othirira, zokolola za mwezi umenewo zikhale zawo.

Kwa inu ana anga akale amene muli m'madimba, musachite manyazi mukandiona pa msewu. Muli pa ntchito yolemekezeka kuposa ambiri amene akungozungulira m'tauni ndi ma envulopu a khaki. Koma limani ngati anthu amene anapita kusukulu. Musanafese, werengani miyezi inayi kutsogolo n'kudzifunsa kuti tsiku limenelo pamsika padzakhala madengu angati. Yang'anani chitsime chanu ndi maso a Okutobala, osati a Juni. Werengani botolo musanatsegule, ndipo muwerengerenso mnzanu wa dimba loyandikana nalo amene sangathe. Gwirizanani pogulitsa, chifukwa venda amanyenga munthu mmodzimmodzi, koma anthu khumi a mtengo umodzi ndi muyezo umodzi amamuvuta. Ndipo lembani zonse m'kope. Mutu umaiwala ngongole, kope siliiwala.

Mnyamata wa pa Lizulu uja ndinamuyankha mochedwa, patapita sabata, pa foni. Ndinamuuza kuti sitinakuuzeni chifukwa ifenso tinkaphunzitsa kuti mukhoze mayeso, osati kuti mukadye. Anaseka, nati palibe kanthu aphunzitsi. Koma kanthu kalipo. Tagwirizana kuti teremu yachitatu ikubwerayi adzabwera kusukulu kwathu kudzayankhula ndi ana a Fomu 3 za usiku uja wa Juni, ndipo adzaima kutsogolo, ine ndidzakhala pa benchi kumbuyo ndi kope langa.

Amene mukutsutsana nane, makamaka inu a dipatimenti ya sayansi amene ndikudziwa kuti mwayamba kale kung'ung'udza, bwerani nazo, tikambirane. Koma musanandiyankhe, pitani kaye kuseri kwa sukulu yanu mukaone chimene chamera pamalo pamene panayenera kukhala dimba.